Ndevu za a Telala

Beseni linagubuduka pansi, madzi a sopo n'kuyenderera mpaka pakhomo. Dikirani, yemwe ankayala bedi m'chipinda choyandikana, anaponya bulangete n'kuthamangira komweko. Anapeza a Liwiro, mayi wogwira naye ntchito, atagwira mkono wawo wamanja, lezala lili pansi, ndipo a Telala atapendekekera mbali imodzi ya chikuku chawo. Tsaya limodzi linali lometedwa bwino, linalo lili thovu lokhalokha. A Telala ankapuma mwabefu.

"Taona," anatero a Liwiro, akumuonetsa mizere yofiira pamkono. "Taona ntchito ya madala ako awa."

"Munawafunsa musanayambe?"

"Ndinawafunsa, mayi mphunzitsi. Anavomera. Maso anakweza mpaka kudenga, mwina anaonanso ndi kangaude ali uko. Ndameta mbali iyi ali phee. Kungofika mbali inayi, basi andigwira ngati nkhanu. Kapena umafuna ndiyambe ndawagwadira?"

Dikirani anawongola a Telala pachikuku, n'kuyamba kuwapukuta thovu ndi thaulo. Atafika pa tsaya losametedwalo, iwo anatembenuza mutu mwamphamvu, dzanja lawo lamanzere likunjenjemera pabondo.

"Pukuta ndi pansipa," anatero a Liwiro akutuluka. "Poti ndi anzako."

Nyumbayo inali yosamalira anthu aulumali amene abale awo sakanatha kukhala nawo tsiku lonse. A Telala anabwera atadwala sitiroko, yomwe inawalanda mawu ndi mbali yonse yakumanja ya thupi. Kale ankasoka masuti, n'chifukwa chake aliyense ankawatchula choncho. Nzeru zinalipo. Akafuna kuvomera ankakweza maso kumwamba, akafuna kukana ankatsinzina mwamphamvu. Koma yankho lawo linkachedwa. Unkafunsa, n'kuona nkhope ili zii ngati sanamve, ndipo iwe utayamba kale kuganiza zina, m'pamene maso aja ankanyamuka.

Miyezi ingapo m'mbuyomo kunabwera mayi wina kudzaphunzitsa ogwira ntchito onse mmene angalankhulire ndi anthu otere. Zimene anaphunzitsa sizinali zovuta. Khala pansi kuti maso anu alingane. Funsa funso limodzi. Ukafunsa, tseka pakamwa, udikire. Yankho likabwera, libwereze mokweza kuti mwini wake atsimikize. Onse anaomba m'manja, masatifiketi anakolekedwa m'chipinda chomwera tiyi, ndipo sabata yoyamba nyumba yonse inali ya anthu odekha. Kenako mnzawo mmodzi anapita kukachira, wina anasiya ntchito, ndipo palibe anabwera m'malo mwawo. Mipando yokhalira pofunsa ija inabwerera kukhoma.

Mayi wa maphunziroyo, pochoka, anapempha kuti pakhale mmodzi wokumbutsa anzake. Palibe anakweza dzanja, ndiye anangoloza mtsikana amene anakhala kutsogolo. Kuyambira pamenepo mawu a mtsikanayo a tsiku ndi tsiku anali akuti "dikirani pang'ono," mpaka anzake anamupatsa dzina lomwelo, Dikirani. Sanamupatse mwachikondi. A Liwiro dzina lawo linali lakale, ndipo ankalinyadira. Anali atagwira ntchito m'nyumbamo nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo pamene ena akusambitsa munthu mmodzi, iwo ankakhala atasambitsa, kuveka ndi kudyetsa awiri.

Abwana, mayi woyang'anira nyumbayo, anawaitana onse awiri mu ofesi. Anayang'ana mkono wa a Liwiro, n'kuvula magalasi, n'kutikita maso.

"Aka si koyamba," anatero. "Sabata yatha anakankha kapu ya tiyi. Dzana analuma mswachi, osafuna kuusiya. Lero magazi. Ndaimbira mwana wawo, abwera masana ano. Akavomera, adokotala awapatsa mankhwala owakhazika mtima pansi, ndipo tiwasamutsira ku chipinda chakuseri."

Dikirani ankachidziwa chipinda chakuseri. Kunkakhala anthu amene ankamenya anzawo kapena kudzivulaza. Kunali koyera, anthu ake ankasambitsidwa ndi kudyetsedwa pa nthawi yake, koma mankhwala ankawalemeretsa zikope kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munthu amene mawu ake onse ali m'zikope akapita kumeneko, ndiye kuti sadzalankhulanso.

"Abwana, ndipatseniko mpata ndilankhule nawo. A Telala sali choncho. Pali chimene akunena."

"Akunena ndi zikhadabo," anatero a Liwiro.

"Mpata uli nawo mpaka masana," anayankha Abwana. "Koma mabedi ako akhale atayalidwa. Sindikufuna kumvanso kuti wina wagonera zonyowa chifukwa iwe unali pamsonkhano ndi munthu mmodzi."

Pa nthawi ya tiyi, Dikirani atalowa, nkhani inaduka. Kapu yake, imene nthawi zonse inkakhala pashelufu pamodzi ndi za anzake, anaipeza pawindo payokha. Anaitenga osafunsa, n'kuthira madzi otentha.

"Dikirani kaye, anthuni," anatero mayi wa kochapira, atakweza supuni. "Tisamumwe tiyiyu. Timufunse kaye ngati akufuna kumwedwa."

"Funso limodzi," anawonjezera wina. "Shuga timufunsa mawa."

Anthu anaseka. A Liwiro okha sanaseke. Anali atakhala pakona, akumata pulasitala pamkono ndi dzanja limodzi, ndipo sanalole kuti wina awathandize.

"Ndikufunse funso limodzi, poti ndi zimene umakonda," anauza Dikirani. "Tsiku lija, mayi wa bedi la pakhomo anakhala nthawi yaitali bwanji m'zonyowa?"

Dikirani anawerama. "Ndinachedwa."

"Unachedwa. Ndinamusintha ndine, khungu litayamba kale kufiira. Iyeyo sakweza maso, satsinzina, ndiye alibe womukhalira pampando. Mayi wako wa maphunziro uja anabwera ndi nsapato zogogoda, watiphunzitsa kudikira, n'kukwera galimoto ulendo. Anatisiyira manja owonjezera? Iwe ukamadikira, ntchito yako imagwera pa misana yathuyi."

"Sindinapemphe kukhala wokumbutsa."

"Koma udindowo ukukukomera. Umaima pakhomo ngati mngelo wolondera, kuona kuti walakwa ndani lero."

"Ine ndimangofuna kuti zimene tinaphunzira zisatayike."

"Ine ndimangofuna anthu adye chakudya chisanazizire. Tione amene afike kumwamba poyamba."

Dikirani anasiya tiyi wosamaliza. Analowa m'kachipinda kosungira zofunda, n'kutseka chitseko, n'kutsamira shelufu. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti a Liwiro sanali munthu wankhanza. Anali atawaonapo m'mawa wozizira akuika manja m'khwapa kuti afunde asanakhudze munthu. Anali atawaonapo akuchotsa makoko a buledi wa amene alibe mano, mwakachetechete, pakamwa pakukalipira zina. Munthu woipa kukangana naye n'kosavuta. Anapemphera mwachidule, monga ankachitira nthawi zonse, kuti Mulungu amugwire lilime pamaso pa anzake ndi kuti bambo aja asapite kuseri. Kenako anatenga mashiti oyera, n'kukayala mabedi ake mothamanga kuposa masiku onse.

Dikirani anawapeza a Telala pawindo la chipinda chawo, pamene ankakonda kukhala akuyang'ana anthu odutsa mumsewu. Ena ankati amayang'ana zovala za anthuwo, osati nkhope. Dikirani anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana nawo. M'mutu mwake anali ataganiza kale. Vuto lalikulu linkabwera pometa, ndiye nkhani iyenera kukhala ya ndevu.

"A Telala, ndine. Ndikufunsani pang'ono. Kodi mukufuna tizikusiyani ndi ndevu?"

Dikirani anatseka pakamwa. Panja lole inkabwerera m'mbuyo ikulira. M'khonde wina anaitana dzina lake, kenako n'kuitananso mokwiya. Iye sanatembenuke. Patapita nthawi, maso a a Telala anakwera kumwamba.

"Mwati eya. Tisakumeteninso."

Maso anakweranso.

Mtima wa Dikirani unapepuka. Anathokoza Mulungu chamumtima, n'kuwagwira paphewa, n'kuimirira. Dzanja lawo lamanzere linali litanyamuka pabondo, likukwera pang'onopang'ono kulunjika kunkhope, likunjenjemera. Koma belu la m'chipinda china linali likulira, ndipo iye anali atapeza chimene anadzera. Anabweza mpando kukhoma n'kutuluka.

Mwana wamkazi wa a Telala, mayi wamkulu ndithu, anafika masana atavala yunifolomu ya kuntchito kwake, makiyi ali m'manja, nkhope ili ya munthu amene wapempha chilolezo movutikira. Abwana anamulowetsa m'chipinda cha bambo ake. Dikirani anaima pafupi ndi chikuku. A Liwiro anaima pakhomo, atapinda manja kuti pulasitala aoneke.

"Ababa, ndamva zotani? Mwayamba kumenya anthu? Mwadya koma? Juzi ija ndinabweretsa ili kuti?"

A Telala ankangomuyang'ana.

Abwana anafotokoza za kapu, za mswachi, ndi za m'mawa uja. Anafotokozanso za mankhwala, kuti si amphamvu kwambiri, ndi kuti kuseri kuli anthu odziwa kusamalira amene asintha khalidwe. Ankalankhula modekha, koma sankayang'ana kuchikuku.

"Pepani, ndilankhuleko," anatero Dikirani. "Ndinakhala nawo pansi, ndipo andiuza. Sakufuna kumetedwa. Akufuna kusunga ndevu. Ndinabwereza, anatsimikiza. Tikangosiya kuwameta, zonsezi zitha."

Mwana wa a Telala anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndevu? Ababa?"

"Eya."

"Achemwali, bambo awa sanatsegulepo shopu ali ndi ndevu. Tsiku la maliro a amayi anayamba ameta asanatuluke kukalandira anthu. Ankati telala wosadzisamala ndani angamupatse nsalu yake. Ngati lero akuti akufuna ndevu, ndiye kuti si iwonso. Mutu wayamba kusokonekera." Anayang'ana Abwana. "Mwina mukunena zoona. Mankhwalawo ayambe liti?"

Dikirani anaona kuti yankho limene anabwera nalo monyadira ndi lomwe linali kuwakankhira kuseri.

"Ndimanena ine," anatero a Liwiro, akuchoka pakhomo. "M'mawa avomera kumetedwa, masana akana. Taimani ndikuonetseni." Anaima pamwamba pa chikuku, n'kulankhula mpweya umodzi, mmene ankachitira m'mawa uliwonse akufinya thaulo. "A Telala, mwagona bwino? Pali pakuwawa? Tikumeteni?"

Panapita kanthawi. Maso anakwera kumwamba.

"Mwaona? Avomeranso. Mawa ndikabwera ndi lezala, andikandanso."

"Avomera funso liti?" anafunsa Dikirani motsitsa mawu. Naye sankadziwa yankho lake. Funsolo linangotuluka.

"Iwe usandiyambe."

"Mwafunsa mafunso atatu."

"Ndimafunsa choncho tsiku lililonse. Aliyense muno amafunsa choncho. Nawenso ukachedwa umafunsa choncho, ndinakumva."

"Amayi, tisatayitse mlendo nthawi," anatero Abwana.

"Ayi, Abwana, musiyeni." A Liwiro anakoka mpando kukhoma, miyendo yake ikulira pasimenti. "Lero ndichita za kusukulu kwakezo. Aone yekha, atisiye tipume." Anakhala pansi mwamphamvu, n'kupinda manja, n'kukoka mawu ngati akulankhula ndi khanda. "A Telala. Mwagona bwino?"

M'chipinda munati zii. Kukhitchini mapoto ankagundana. Mwana wa a Telala anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, n'kutsekanso. A Liwiro ankagwedeza phazi, akuyang'ana Dikirani ndi diso la m'mbali. Nkhope ya a Telala inakhala chimodzimodzi kwa nthawi yoti munthu akanatha kudzuka n'kuchoka. Kenako zikope zinatsika, n'kufinyana mwamphamvu.

"Akuti ayi," ananong'ona mwana wawo.

Phazi la a Liwiro linaleka kugwedezeka.

"Simunagone bwino," anatero. Mawu anali atabwerera m'malo mwake. "Pali pakuwawa?"

Anadikiranso. Ulendo uno maso anakwera, ndipo sanatsike msanga. Anakhala kumwamba komweko mpaka misozi inatuluka m'diso lakumanja, n'kutsetsereka m'ndevu zosametedwa zija.

A Liwiro anamasula manja, n'kusendeza mpando pafupi.

"Ndi mutu?"

Zikope zinafinyana.

"M'mimba?"

Zinafinyananso. Yankho lililonse linkatenga nthawi, ndipo thukuta linayamba kuoneka pachipumi pa a Telala. Dikirani analephera kupirira.

"Kapena ndi msana, kapena mwendo uja umatupa, kapena..."

"Khala chete iwe," anatero a Liwiro osatembenuka. "Ukundisokonezera munthu."

Anayang'anitsitsa nkhope ili patsogolo pawo, mbali yometa ndi yosameta. Milomo yawo inkayenda ngati akudzilankhulira. "Mbali iyi ndimameta ali phee. Mswachi analuma ndikutsuka kuti?" Anakweza mawu. "Ndi m'kamwa?"

Maso anakwera.

"M'kamwa. Ndione?"

Maso anakweranso.

A Liwiro anaika manja m'khwapa kwa kanthawi, kenako n'kugwira chibwano cha a Telala ndi nsonga za zala. "Tandiunikireni ndi foni," anauza mwana wa a Telala. Anakweza mlomo wa mbali yakumanja pang'onopang'ono. A Telala anabuula, koma dzanja lawo linakhala pabondo. Kumapeto kwa nsagwada nkhama zinali zitatupa, zofiira, ndipo pakati pake panali dzino lothyoka, lakuda, mafinya akutuluka m'mbali. Mbali imeneyo ya nkhope inali yogwa kuyambira pa sitiroko, n'chifukwa chake kutupako palibe anakuona.

"Dzino," anatero a Liwiro, n'kuchotsa manja.

Mwana wa a Telala anazimitsa foni.

"Lakhala choncho nthawi yaitali bwanji?"

Palibe ankadziwa.

"Ndiye mumafuna ndivomere kuti muwagonetse chifukwa cha dzino. Mumawapala ndi lezala pa chotupa m'mawa uliwonse, akadziteteza mukuti asintha khalidwe." Anatembenukira kwa Dikirani. "Inunso ndi ndevu zanuzo. Mwandiuzitsa pamaso pa bambo anga kuti mutu wawo wasokonekera." Anakhala pabedi, n'kugwira dzanja la bambo ake. Mawu anatsika. "Ndikanavomera, Ababa. Ndinali nditavomera kale."

Abwana anavala magalasi. "Ndiitanitsa galimoto, apite kwa dokotala wa mano lero lomwe. Za kuseri tazisiya." Kenako anatuluka.

M'khonde a Liwiro ankayenda patsogolo pa Dikirani. Mwadzidzidzi anaima.

"Usandiyang'ane choncho. Sindinalowe mpingo wako."

"Sindinanene kanthu."

"Nkhope yako imalalikira ngakhale uli chete. Iwe unakhala nawo pansi, ndi mpando wako, ndi kudikira kwako, n'kubwerako ndi ndevu. Pita ukathandize kugawa chakudya, anthu ali ndi njala."

Dzino linazulidwa madzulo omwewo. Sabata yotsatira Abwana anasintha kagwiridwe ka ntchito ya m'mawa. Analamula kuti mafunso azifunsidwa munthu asanatenge madzi, manja ali opanda kanthu, ndipo amene amachedwa kuyankha azisambitsidwa pomalizira kuti pasakhale wowathamangitsa. Analamulanso kuti kamodzi pa sabata, pa nthawi ya tiyi, awiri azionetsa anzawo mmene amafunsira munthu mmodzi wa m'nyumbamo, ena n'kumawakonza. Antchito owonjezera sanabwere. Kudandaula kunakula, chifukwa tsopano ndi tiyi yemwe anali atalowa sukulu, ndipo aliyense ankadziwa woyambitsa. Dikirani ankapatsidwa moni ndi anthu ochepa kuposa kale.

Kutupa kutaphwa, mwana wa a Telala anabwera m'mawa asanapite kuntchito. Anapempha kuti Abwana ndi amayi awiri aja akhalepo. Bambo ake anali ndi ndevu za masiku angapo, zotuwa, ndipo ankaoneka okalamba kuposa msinkhu wawo. Mayiyo anakoka yekha mpando, n'kuika makiyi m'thumba.

"Ababa, mukufuna kumetedwa?"

Maso anakwera, mofulumirirako kuposa masiku ena. Mayiyo anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndimadziwa. Tsopano ndikufunsani za amene azikusambitsani ndi kukumetani. Ndizitchula mmodzimmodzi." Anapuma. "A Liwiro?"

Anadikira onse. A Liwiro anaima chilili, maso ali pa a Telala, osagwedeza phazi. Zikope zinatsika, n'kufinyana.

"Mwati ayi," anabwereza mwana wawo.

A Liwiro anagwedeza mutu kamodzi. "Ndamva," anatero. Nkhope yawo sinasinthe, koma anakonza kolala ya yunifolomu yomwe inali yokonzeka kale.

"Nanga a Dikirani?"

Dikirani anali atayamba kupinda manja a malaya ake. Anadikira ndi mtima wokhazikika, monga anadikirira masiku onse aja. Zikope za a Telala zinatsika, n'kufinyana mwamphamvu chimodzimodzi.

"Mwina sanamve bwino," anatero. "Tafunsaninso."

"Amva," anatero a Liwiro. "Nawenso wamva."

Mwana wa a Telala anapitiriza kutchula ogwira ntchito ena, ndipo aliyense anakanidwa. Atasowa wotchula, Abwana anakumbukira bambo wina amene ankabwera masana, wothandiza kunyamula odwala olemera ndi kukonza zikuku. Atatchulidwa, maso a a Telala anakwera, n'kukhala kumwamba mpaka mwana wawo anabwereza kawiri.

"Akufuna mwamuna mnzawo," anatero mayiyo motsitsa. "Zaka zonsezi akuvulidwa ndi amayi, ndipo palibe anawafunsapo. Ngakhale ine."

"Ndiye kuti azisamba masana," anatero Abwana. "Ndimuuza bamboyo akafika."

Amayi awiri aja anatuluka. Dikirani anatsitsa manja a malaya ake, n'kumanga mabatani. Ankafuna kulowa m'kachipinda ka zofunda kuti akhale yekha pang'ono, koma m'chipinda chotsatira munali bambo wina wolemera thupi amene ankayembekeza kutembenuzidwa, ndipo ntchito imeneyo si ya munthu mmodzi.

"Gwira kumiyendo," anatero a Liwiro. "Ine kumapewa. Ndipo usandiuze kanthu."

Ananyamula pamodzi, osayang'anana.